Mundipatse puleni yomwe ndinalipira kapena mundibwezere theka langa

Kwa inu eni shopu yogulitsa zida zakale za ukalipentala, ndalemba pagulu pano chifukwa foni simukuyankha, ndipo mauthenga anga mukungowerenga n'kukhala chete.

Masabata angapo apitawa munaika zithunzi za puleni ya Stanley No. 5 pa tsamba lanu lino. Ndinakulitsa chithunzi chimodzi mpaka ndinawerenga madeti atatu olembedwa pa thupi lake kumbuyo kwa mpeni, lomaliza la 1910. Aliyense wotolera zida zimenezi akudziwa kuti madeti atatuwo amapezeka pa mapuleni opangidwa pakati pa 1910 ndi 1924, a zogwirira za mtengo wa rosewood. Ndakhala ndikuisaka puleni imeneyi kwa zaka, kuti ikhale pambali pa sowo ya Disston yomwe bambo anga anandisiyira. Tsiku lomwelo ndinatumiza theka lenileni la mtengo womwe munatchula, osapereweza ngakhale pang'ono, inu n'kundiyankha kuti mwandisungira. Uthengawo ndili nawo, umboni wa ndalamayo ndili nawonso.

Ndinatseka ntchito tsiku lathunthu, n'kulipira ulendo wopita ndi wobwerera. Nditafika ndinapeza mnyamata wanu ali pa foni. Ndinamupatsa moni kawiri, osadzutsa mutu. Kachitatu anangolowetsa dzanja pansi pa kauntala, n'kutulutsa puleni, n'kuiponya patebulo kuti gwa! Abale anga, chitsulo cha puleni n'chochita kusungunula n'kuthira m'chikombole. Sichipindika, chimasweka. Munthu wogulitsa zida zotere angaiponye chonchija?

Komanso sinali puleni ya pa chithunzi ija. Chogwirira chinali cha pulasitiki, madeti aja kunalibe. Nditaitembenuza ndinaona penti wakuda watsopano pambali, pafupi ndi kamwa lotulukira mpeni. Nditakanda ndi chikhadabo, mng'alu uja poyera. Dzimbiri sindiliopa ine, ndimalichotsa ndekha, mpeni wobuntha ndimanola. Koma puleni yong'aluka pakamwa yatha ntchito. Mukaiwotcherera, pansi pake pamapotoka ndi moto, ndiye thabwa silingasalale ngakhale mupale tsiku lonse.

Ndinamufotokozera zonsezi mwaulemu. Yankho lake linali lakuti, "Iwe madala, puleni ndi puleni. Ukufuna tenga, sukufuna siya." Anandinena kuti iwe, ine munthu woti ndingamubereke, pamaso pa makasitomala ena awiri. Nditapempha kuti akuimbireni, anati bwana sayankhula ndi aliyense wongobwera. Nditati andibwezere ndalama yanga, anaseka, nati ndalama ikalowa siituluka, n'kubwerera pa foni yake. Ndinatuluka manja ali lende, thupi likunjenjemera. Mpaka lero mawu ajawa akundiwawa kuposa ulendo womwe ndinauyenda pachabe.

Anzanga okonda zida zakale, ndiuzeni ngati ndalakwa penapake. Timagula zinthu izi pokhulupirira chithunzi ndi mawu a wogulitsa basi. Kodi tizitani ngati chithunzi n'cha chida china, cha pansi pa kauntala n'chinanso?

Bwana, ndikufuna chimodzi mwa ziwiri. Mundipatse Stanley No. 5 ya madeti atatu ija, ndimalize kulipira theka lotsalalo pomwepo. Ngati munaigulitsa kwa wina amene anakupatsani zambiri, nenani poyera, mundibwezere theka langa lonse pamodzi ndi ya ulendo. Ndipo mnyamatayo apepese, osati pa foni, koma pamaso panga monga mmene anandinyozera.

Ndikudikira mpaka Lachisanu. Likadutsa muli chete, zithunzi zanu, mauthenga anu ndi chithunzi cha mng'alu wopakidwa penti uja ndiziika m'magulu onse a akalipentala ndi otolera zida omwe ndilimo, kenako ndikadandaula kupolisi. Ndemanga iyi mukaifufuta ndiilembanso, ndaisunga kale.