Kalata yochokera ku Joni

Mayfair, Johannesburg
Okutobala

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako, agogo ndi onse ku Ntcheuko. Ife kuno tili bwino, kungoti kwayamba kutentha. Kalatayi ndi yaitali, ndiye pomwe pakuvute amayi ako akuwerengere.

Mawu unatumiza pa foni aja ndinawamva. Ukufunsa kuti zikutheka bwanji kuti iwe wangoyamba kumene Sitandade 3, pomwe mchemwali wako kuno akuti watsala pang'ono kumaliza kalasi yake. Sakukunamiza ayi. Kwathuko sukulu imatsegulira mu Seputembala ndipo matemu ndi atatu. Kuno imatsegulira mu Januwale, imatsekera kumayambiriro kwa Disembala, ndipo matemu ndi anayi.

Chotiuza kuti mayeso ayandikira kuno ndi mitengo ya jakaranda. Mwezi uno yonse yamasula maluwa apepo, ndipo akamayoyoka msewu umachita kusintha mtundu. Ana a sukulu zapamwamba amati duwa likakugwera pamutu ndiye kuti mayeso ukhoza. Amatinso amene wayamba kuwerenga jakaranda atamasula kale, wachedwa. Zachiwirizi ndikugwirizana nazo. Zoyambazo usayesere, ungaime pansi pa mtengo tsiku lonse masamu n'kukugwetsabe.

Amene ali mu Giredi 12, omwe kuno amawati a matiriki, ali ngati a Fomu 4 kwathu. Asanalembe mayeso amakhala ndi dansi yotsanzikana. Atsikana amasoketsa madiresi ofika pansi, anyamata masuti, ena mpaka kubwereka galimoto yapamwamba ya usiku umodzi basi. Ine ndimaona kuti makolo amavutika nazo mopitirira muyeso. Tsiku lomaliza kusukulu amalembana mayina pa malaya a yunifolomu. Iwe usayerekeze, yako ija ikudikira mng'ono wako.

Koma nkhani yeniyeni imene ndakulemberayi ndi ya mwezi wathawu. Pa 24 Seputembala kuno limakhala tsiku lokumbukira chikhalidwe. Kale Azulu ankakumbukira mfumu yawo Shaka pa tsikuli, koma kuyambira mu 1995 linasanduka tchuthi cha mitundu yonse. Akuluakulu ambiri amangootcha nyama panja. Kusukulu ndiye kumakoma, chifukwa tsikuli likamayandikira ana amaloledwa kusiya yunifolomu n'kuvala zakwawo.

Ndinamuperekeza mchemwali wako mpaka pageti, ndipo kuchokapo kunandivuta. Tiatsikana ta Chizulu tinali mikanda yokhayokha, m'khosi, m'manja, m'miyendo. Kamnyamata kena ka Chisutu kanafunda bulangete lochindikala ndi chipewa chaudzu chosongoka, thukuta lili kamukamu koma osafuna kuvula. Atsikana a Chitsonga anavala siketi yamapindepinde yotchedwa xibelani, imene imavina yokha mwini wake akangogwedeza chiuno pang'ono. Ana a Chimwenye anabwera ndi nsalu zonyezimira. Dziko lino lili ndi zilankhulo 12 zovomerezedwa ndi boma, ndipo chomaliza kulowa, mu 2023, ndi cha manja chimene amalankhula anzathu osamva. Ndiye tangoganiza phokoso lake pabwalo limodzi.

Mchemwali wako ndinamumangira chitenje ndi duku, ndipo ananyamula zitumbuwa ndi botolo la thobwa, poti mwana aliyense amabweretsa chakudya chakwawo. Zitumbuwa zinatha msanga. Thobwa ankalinunkhiza kaye, kenako n'kumapempha lina.

Chakudya chitatha, aphunzitsi anati mwana aliyense aimbe kapena avine zakwawo. Anyamata a Chizulu analowa m'bwalo ndi zishango ndi zibonga, kukweza mwendo m'mwamba n'kuuponda pansi fumbi koboo. Mchemwali wako atandionetsa kanema wake pa foni madzulo, ndinamuuza kuti zimenezi si zachilendo kwa ife. Iwe unaonapo ngoma ikuvinidwa ku Nkolimbo pa Umhlangano, pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani. Kapondedwe kake n'kofanana chifukwa makolo athu Angoni anachokera mbali zino, nthawi ya nkhondo za m'masiku a Shaka. Anayenda wapansi zaka zambiri, ng'ombe patsogolo, ana kumbuyo. Gulu lina, la Zwangendaba, limene zidzukulu zake zili ku Mzimba, linawoloka Zambezi mu 1835 tsiku limene kunachita kadamsana, dzuwa kuda masana. Athu a Maseko anadzera njira yawo. Mchemwali wako anadabwa kumva kuti anyamata amene amamutcha mlendo aja ndi abale ake akutali.

Nanga iye anaimba chiyani? Nyimbo ya fuko lathu, ndime yoyamba yokha, chifukwa ndi yokhayo imene amaidziwa. Anamuombera m'manja, komabe anabwera kunyumba ali duu. Paja iye anabadwira konkuno. Chizulu ndi Chingerezi amalankhula ngati madzi, koma sanakhalepo pamoto usiku agogo akusimba nthano, ndipo sanamvepo amayi akuimba pamtondo. Iwe zimenezi uli nazo tsiku ndi tsiku, mwina mpaka zimakutopetsa.

Pali tsiku lina limene ungaseke utaliona, ngakhale chiyambi chake n'chachisoni. Pa 16 Juni, kuno kukuzizira kwambiri, akuluakulu ambiri amavala yunifolomu ya sukulu. Umakumana ndi azibambo a ndevu atavala kabudula ndi sokosi zofika m'mawondo, azimayi anthu akuluakulu ali mu jimu ndi tayi. Amatero pokumbukira ana a ku Soweto. Mu 1974 boma la azungu linalamula kuti ana akuda aziphunzira maphunziro ena m'Chiafrikaans, chilankhulo chimene ambiri sankachimva bwino. Pa 16 Juni 1976 ana masauzande anatuluka m'makalasi n'kuguba mumsewu kukana zimenezo, ndipo apolisi anawaombera mfuti. Mmodzi mwa oyamba kufa anali Hector Pieterson, wa zaka 12, wamkulu pang'ono chabe kwa iwe. Ku Orlando West kuli nyumba yosungiramo mbiri imene ili ndi dzina lake. Kuyambira mu 1991, Africa yonse imakumbukira tsikuli ngati Tsiku la Mwana wa mu Africa, ndiye aphunzitsi ako akadzalitchula udzadziwe kumene linachokera.

Kuno zikondwerero sizitha. M'dera lathu lino muli Asilamu ambiri, ena ochokera ku Mangochi ndi ku Machinga komwe, ndipo pa Idi mbale za mpunga ndi nyama zimadumpha mipanda. Posachedwapa Ahindu akhala ndi Diwali. Amayatsa tinyale tadothi n'kutindandalika pakhomo ndi m'mawindo, amagawa zotsekemera, ndipo usiku makombola amalira mpaka agalu kubisala kunsi kwa bedi. Atchaina a ku Cyrildene chaka chawo chatsopano chimabwera mu Januwale kapena Febuluwale, ndipo ana amalandira ndalama m'maenvulopu ofiira. Anthu a ku Ethiopia amene ali ndi masitolo m'tauni ndiye amandizunguza mutu. Chaka chawo chimayamba mu Seputembala, chili ndi miyezi 13, ndipo powerenga zaka ali m'mbuyo mwathu ndi zaka 7 kapena 8.

Mwambo umene unandisangalatsa koposa ndinauona kunyumba kumene ndimagwira ntchito. Eni ake ndi ochokera ku Germany. Kwawoko mwana akamayamba sukulu tsiku loyamba, makolo amamupatsa chipepala cholimba chopindidwa mosongoka ngati nyanga ya ng'ombe, chachitali kufika mwanayo m'chifuwa. M'katimo amaikamo maswiti, mapensulo, labala ndi tizidole, kukamwa kwake n'kumanga ndi riboni. Mwambowu watha zaka pafupifupi 200. Mwana wa pakhomopo ankalira kuti sapita kusukulu, koma atachikumbatira chinthucho misozi inauma, n'kumatifulumizitsa ife kuti tichedwa. Kwathu mwana wa Sitandade 1 amangopatsidwa tsache kuti akasese pabwalo!

Tsopano ndikukupatsa ntchito. Upite kwa agogo, uwapemphe mwaulemu kuti akuphunzitse nyimbo ziwiri, ina ya pamtondo, ina ya m'nthano yokhala ndi polandizana. Ukaziloweza, amayi ako akujambule pa foni n'kutumiza pa WhatsApp. Uimbe pang'onopang'ono kuti mawu amveke. Uonetsenso mmene mumasewerera phada ndi fulaye, chifukwa mchemwali wako wauza kale anzake kuti chaka chamawa adzawaphunzitsa.

Katundu ndapereka kwa adalaivala a basi, amalume ako akamulandira ku Lilongwe. Muli nsapato zako zakusukulu, makope ndi juzi ya agogo. Mulinso chinyanga chapepala chija, ndachipanga ndekha. Chimenecho n'cha mlongo wako amene wayamba Sitandade 1, ndipo atsegule yekha. Maswiti ako ndaika padera mu nsapato yakumanzere.

Upereke moni kwa agogo, kwa amayi ako ndi kwa aphunzitsi ako.

Ndine amayi ako aang'ono.