Musadule makatuni akale

Akonzi,

Ndikupempha a wayilesi za kanema kuti asiye kuwononga makatuni akale a Tom and Jerry pofuna kudzaza sikirini yonse. Ambiri mwa makatuniwa, omwe William Hanna ndi Joseph Barbera anayamba ku kampani ya mafilimu ya MGM mu 1940, anajambulidwa pa muyezo wa 1.37:1, kutanthauza kuti chithunzi n'chotambalala pang'ono chabe kuposa kutalika kwake. Mukawakokera ku 16:9, muyezo wa masikirini otambalala a masiku ano, Tom amafufuma m'mbali. Mukadula pamwamba ndi pansi, Jerry, poti ndi wamfupi ndipo amayenda m'munsi mwa chithunzi, amatsala wopanda miyendo, mwinanso kusoweratu.

Taonani The Cat Concerto ya 1947. Tom akuimba pa piyano Hungarian Rhapsody No. 2 ya Liszt, Jerry akumusokoneza kuchokera m'kati mwa piyanoyo. Nthabwala yonse yagona pa zala za Tom ndi makiyi. Mukadula m'munsi, oseka asekanso chiyani?

Palinso za liwiro. Filimuzi zimayenda zithunzi 24 pa sekondi, zoposa 10,000 pa mphindi 7. Mukaziyendetsa pa 25, nyimbo imathamanga ndi pafupifupi 4 peresenti ndipo mawu amakwera pang'ono. Izi tingapirire, koma kudula ayi. Siyani mizere yakuda m'mbali, chithunzi chioneke chathunthu.

Wokonda makatuni akale