Ku Likoma sikwa azungu okha

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa za maulendo a kunyanja. Anthu ambiri kuno ku Lilongwe akati akaone nyanja amathera ku Senga Bay, olimba mtima amafika ku Mangochi. Mukawatchulira Likoma amati kumeneko n'kwa azungu okwera tindege. Tindegeto tilipodi, malo ogona olipiritsa madola aliponso, koma anthu 14,527 amene kalembera wa 2018 adawapeza m'boma la Likoma sayenda pa ndege. Amakwera sitima ndi maboti, ndipo mphunzitsi wa ku Kawale kapena mayi wa geni mumsika wa ku Area 25 atha kutsata njira yomweyo. Chimene chimatha ndalama pa ulendowu si tikiti, koma kusemphana ndi tsiku la sitima.

Choncho musayambe ndi kupempha tchuthi kuntchito, yambani ndi kufunsa za Ilala. Sitimayi idapangidwa ku Scotland mu 1949, idabwera m'zidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951. Imazungulira kamodzi pa sabata. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yotere: kunyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa, kufika ku Likoma Loweruka, ku Nkhata Bay m'bandakucha wa Lamulungu, kukatembenukira ku Chilumba, kuchokanso ku Nkhata Bay Lolemba usiku, kudutsa ku Chizumulu ndi ku Likoma Lachiwiri, n'kubwerera ku Monkey Bay Lachitatu. Ikapita kokonzedwa, nthawi zambiri sitima ya Chilembwe ndiyo imalowa m'malo, ndipo masiku amatha kusintha. Imbani kudoko sabata yomweyo, ndipo imbaninso dzulo lake musanalipire basi.

Kuchokera mu ndondomekoyi, wa ku Lilongwe ali ndi njira ziwiri. Yotsika mtengo ndi ya ku Nkhotakota. Mumakwera kudepoti, kutsata msewu wa M14 mpaka ku Salima, kenako M5 kulowera kumpoto, makilomita pafupifupi 200 onse pamodzi. Nyamukani Lachisanu m'mamawa, chifukwa minibasi siyenda isanadzaze ndipo pa Salima kawirikawiri amakusinthitsani galimoto. Fikani ku Nkhotakota dzuwa likadalipo, popeza sitima imadutsa kumeneko usiku kapena kunja kukucha. Mukafika ku Likoma Loweruka, mumagona katatu, Lachiwiri n'kukwera sitima yomweyo ikubwerera kumwera. Njira yachiwiri ndi ya ku Nkhata Bay: makilomita opitirira 350 pa M1 mpaka ku Mzuzu, ndi ena pafupifupi 50 otsetsereka kunyanja. Mumakwera Lolemba madzulo, kufika Lachiwiri, kubwerera Loweruka, kugona kanayi. Basi yake ndi yodula, koma ku Nkhata Bay sitima imakocheza pa jete, ndipo pali maboti ena opita ku Likoma pakati pa sabata. Kwa amene ali ndi ana aang'ono kapena agogo, ife tikuti alipire basi yodulayo.

Chifukwa chake n'chakuti m'malo ngati ku Nkhotakota ndi ku Chizumulu sitima imaima patali ndi gombe. Anthu amalowa m'madzi ofika m'maondo, nthawi zina m'chiuno, kukwera boti laling'ono, ndipo botilo likafika m'mbali mwa sitima amakwera makwerero uku mafunde akukankha. Apa ndi pamene mafoni amafera ndi zikwama zimagwera m'madzi. Foni, ndalama ndi chitupa cha unzika muziike mu jumbo ziwiri, ina mkati mwa inzake, mumange ndi kuika pamwamba m'chikwama chakumsana. Sutikesi yokoka isiyeni kunyumba, manja onse awiri akufunika pa makwerero. Valani kabudula kapena chitenje chokwinya ndi nsapato zapulasitiki zomanga, chifukwa silipasi imatsalira m'matope. Ndipo musalimbirane boti loyamba. Limadzaza mopyola muyezo ndi anthu, matumba a ufa ndi mitolo ya malata, pamene sitima siinyamuka maboti asanamalize kututa. Mukaona m'mphepete mwa boti mwatsala pang'ono kulingana ndi madzi, dikirani lina.

M'sitima muli magulu a matikiti. Pansi penipeni ndi potchipa koposa, koma pamakhala pothithikana, potentha ndi ponunkha usipa. Chapamwamba pali malo apamtetete, ndipo zipinda zogona ndi za olemera. Pa ulendo wa usiku umodzi pansi pamapiririka, koma tengani chitenje choyala, juzi, madzi akumwa malita awiri pa munthu ndi kamba wanu: mbatata yophika, mtedza, zigumu. Amene amachita nseru akhale chapakati pa sitima, pamene sipagwedezeka kwambiri, ndipo asadye zamafuta asanakwere. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, mphepo yochokera kumwera yozizira ndi youtsa mafunde aakulu. Sitima imachedwa, maboti amatabwa amalephera kuoloka. Seputembala ndi Okutobala nyanja imakhala bata ndipo madzi amayera, ngakhale kumatentha. M'dzinja vuto limasamukira kumtunda, milatho ya M5 ikayamba kukokoloka.

Powerengera ndalama, phatikizani basi, tikiti ya sitima ndi kandalama ka boti, zonse kawiri, kenako kogona ndi chakudya, ndipo pamwamba pake muike ndalama ya masiku awiri owonjezera imene simuikhudza. Sitima ikachedwa mwini resitihausi salekera kulipiritsa. Tengani ndalama yamanja yokwanira, muigawe m'malo awiri. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma pachilumba pang'ono ma ejenti atha kukhala opanda ndalama yokupatsani pa tsiku la sitima, aliyense akutapa.

Chilumba cha Likoma n'cha masikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo munthu wamphamvu atha kuchoka ku Nkhwazi kumwera mpaka ku Makulawe kumpoto tsiku limodzi wapansi. Magalimoto ndi owerengeka. Pali kabaza wa njinga zamoto, koma mafuta amachita kuolotsa panyanja, ndiye musayembekezere mtengo wa ku Mchesi. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo nenani momveka ngati ndi wopita pokha kapena ndi kubwerera komwe. Misewu ndi yamchenga ndi miyala. Pamchenga wakuya ndi bwino kutsika kusiyana ndi kupsa mwendo ndi ekizozi. Yendani m'mawa kusanatenthe ndi madzulo dzuwa litapendeka. Malo ogona otchipa ndi malesitilanti ali chakumsika wa Mbamba. Ufa, shuga, tomato ndi nkhuni zimachokera kutsidya, ndiye n'zodula. Nsomba ndiyo yotchipa. Pitani pagombe m'mamawa asodzi a chilimira akamakocheza, mugule usipa kapena utaka wauwisi, mupemphe amayi a pamalo ogona akuphikireni ndi kondowole. Asodzi amakopa usipa ndi nyali, motero mwezi ukawala kapena mwera ukalimba nsomba zimasowa ndipo mtengo umakwera.

Zinthu zambiri zokaona n'zaulere. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Chipyela adayala mwala wa maziko ake mu 1903, n'kuchipatula mu 1911. Amishoni a Anglican a UMCA adakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1880, ndipo n'chifukwa chake zilumba ziwiri za Likoma ndi Chizumulu zili za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Wobwera pa njira ya Nkhotakota ali ndi mwayi wopemphera nawo Lamulungu. Valani modzilemekeza, ndipo pemphani chilolezo musanajambule.

Koma chuma chenicheni chili m'madzi. Pamene pali miyala pali mbuna, tinsomba ta buluu, tachikasu ndi tamizeremizere timene timadya ndere pamiyalapo. Mitundu ina imapezeka pa gulu limodzi la miyala basi, chifukwa mbuna sizikonda kuoloka mchenga kapena madzi akuya. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu, ndipo mukaona ina yotupa kukhosi, yosadya, ndiye kuti yanyamula ana. Sipafunika boti: madzi ofika m'chifuwa ndi magalasi osambirira n'zokwanira. Magalasiwo gulani kuno ku Lilongwe, chifukwa kubwereka tsiku lililonse kumadula. Akamachita nthunzi, pakani malovu mkati ndi kutsukuluza pang'ono. Lowani m'mawa mphepo isanavundule madzi, musaponde miyala yandere chifukwa ndi yoterera, ndipo funsani eni mudzi ngati pamalopo sipaoneka ng'ona. Kumtunda kuli milambe ikuluikulu ndi mitengo ya mango, nkhwazi zolira pamitengo ya m'mbali mwa nyanja, ng'azi zoothera dzuwa pamiyala. Mukaona ngati utsi ukufuka pakati pa nyanja, si moto ayi, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi mwezi ukakhala mumdima.

Likodzo musalipeputse. Nkhono zake zimakonda madzi osaya, odekha, a udzu ndi bango, makamaka pafupi ndi midzi pamene anthu amachapira. Mankhwala ake, praziquantel, amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, koma amapha nyongolotsi zokhwima zokha. Kumwa tsiku lobwerera n'kutaya mankhwala. Dikirani masabata 6 mpaka 8 ndipo mupite kuchipatala, pokhapokha mutadwala msanga. Neti yanu ya udzudzu mutenge, za m'maresitihausi zimakhala zobooka.

Chizumulu n'chaching'ono, masikweya kilomita atatu okha, ndipo n'chozungulirika wapansi m'maola ochepa. Pitani kokha ngati mwatsimikiza tsiku la boti lobwerera. Ku Cobue, kumene mumakuona patsidya muli ku Likoma, ndi ku Mozambique. Musalole wa boti akunyengereni kuoloka opanda pasipoti kapena chiphaso cha m'malire.

Pomaliza, a Mkonzi, tikupempha a Unduna wa Zamtengatenga ndi oyendetsa sitima kuti ndondomeko ndi mitengo ya matikiti azilengeza pa wailesi ndi m'nyuzipepala sabata iliyonse, ndi kuimata kudepoti ya Lilongwe. Tikupemphanso kuti boti lililonse lotutira anthu kusitima likhale ndi majekete oyandamitsa okwanira onse okwera, ndi chiwerengero cha anthu cholembedwa m'mbali mwake ndi penti, kuti wokwera aliyense azitha kuwerenga yekha.

Ife owerenga anu,
Lilongwe