Lipoti la msonkhano wa ku Chipata: "ambiri" ndi angati?

A Tcheyamani, akomiti, amayi ndi abambo a kopaletivi yathu, ndabwerako ku Chipata kumene munandituma. Msonkhano unali wa masiku awiri, ndipo kunabwera nthumwi za makopaletivi a ku Katete, Chadiza, Lundazi ndi kwathu kuno. Tsiku loyamba tinaphunzira kasungidwe ka mabuku a ndalama. Mapepala ake ndapereka kale kwa a msungichuma, sindibwerezanso. Chimene ndifuna tikhalirepo pansi ndi cha tsiku lachiwiri, nkhani ya masankho, chifukwa yakhudza malamulo athu enieni.

Amene amatiphunzitsa anali mayi wachikulire wosakonda kulemba pabolodi. Anauza nthumwi iliyonse kuti iwerenge ndime ya masankho m'malamulo a gulu lake. Ine ndinaimirira nkuwerenga yathu mokweza, ndi kamatama pang'ono: "Wopeza mavoti ambiri ndiye wapambana." Iwo anangondiyang'ana nkufunsa kuti, "Bambo, ambiri kuposa ndani?" Ndinasowa chonena.

Anatapa nshawa m'thumba la mnzathu wa ku Katete, nkuwerenga khumi pathebulo. Anaziika m'milu itatu: zinayi, zitatu, zitatu. Anati mulu wa zinayi ndi waukulu, palibe wotsutsa. Kenaka anakankhira milu iwiri ija pamodzi, zinakhala zisanu ndi imodzi. "Awa sanamufune munthu uja. Nanga ambiri ali kuti tsopano?" Holo yonse inati zii, kenaka phokoso.

Pa Chingerezi akuti zinthuzi zili ndi mayina awiri. Kuposa mnzako aliyense payekhapayekha amati plurality, kuposa theka la mavoti onse amati majority. Ife tili ndi liwu limodzi lokha, "ambiri", ndipo timalisenzetsa katundu yense. Tikati pamaliro panali anthu ambiri sitiwerenga mitu. Munthu akati "ambiri akudandaula ndi komiti", kawirikawiri amakhala iye ndi mlamu wake. Mdala wina wa ku Lundazi anatiseketsa: akuti kwathu kuno ngakhale munthu mmodzi timamuchulukitsa, timati "agogo abwera, akhala pamphasa", pamene pakhomo pafika nkhalamba imodzi ndi ndodo yake. Pocheza zimenezi sizivuta. Zimavuta tikalemba liwu lomwelo m'malamulo, pomwe pali feteleza ndi ndalama za anthu.

Dziko lathu la Zambia linadutsa momwemu. Mu 2001 anthu 11 anapikisana pa mpando wa mtsogoleri wa dziko, ndipo a Levy Mwanawasa analowa ndi mavoti pafupifupi 29 pa 100 alionse, a Anderson Mazoka ali pafupi kumbuyo kwawo. Ndiye kuti mwa anthu khumi oponya voti, asanu ndi awiri anasankha wina. Mu 2008 a Rupiah Banda anapambana ndi 40 pa 100, mu 2011 a Michael Sata ndi 42. Mu 2015 a Edgar Lungu anaposa a Hakainde Hichilema ndi mavoti osafika 30,000, onse awiri osakwanitsa theka. Palibe anaba mpando pamenepo, lamulo la nthawiyo linkatero. Mu 2016 malamulo a dziko anasinthidwa, kunabwera ija timati 50+1: wofuna utsogoleri wa dziko ayenera kupitirira theka la mavoti ovomerezeka, apo ayi awiri apamwamba abwereze pasanathe masiku 37. Koma khansala wathu ndi phungu wa dera lathu amasankhidwabe mwakale, woposa anzake ndiye watenga, ngakhale ndi voti imodzi.

Abale athu a kutsidya kwa Mwami ndiwo anaona zakuda ndi liwu limodzi. Malamulo a Malawi ananena kale kuti mtsogoleri asankhidwe ndi majority, koma kwa zaka zambiri ankalimva ngati kungoposa anzako. Mu 2019 a Peter Mutharika analengezedwa opambana ndi 38 pa 100. Mu February 2020 khoti linafafaniza masankhowo chifukwa cha zolakwika pakayendetsedwe kake, nkunenanso kuti liwulo litanthauza kupitirira theka. Anavotanso mu June chaka chomwecho, a Lazarus Chakwera nkupambana. Dziko lonse kubwerera pamzere, mwa zina chifukwa cha tanthauzo la liwu.

Pamsonkhano paja si onse anagwirizana nazo zofuna kupitirira theka. Mayi wina wa ku Chadiza anati kwawo anayesapo zobwereza, koma pofika ulendo wachiwiri dzuwa linali litapendeka, azimayi atapita kukaphika, ndipo amene anatsala anali ochepa kuposa amene anavotera wopambana poyamba. Ndinaona kuti akunena zoona. Ifenso timadziwana: ikangokwana 12 koloko mabenchi akumbuyo amayamba kuyera. Funso lina limene tinalimbana nalo ndi lakuti theka lake ndi la ndani, la mamembala onse a m'kaundula kapena la amene abwera tsikulo? Ndime yathu siinenapo kanthu.

Maganizo anga ndi awa, mukhoza kuwakana. Pa mpando wa tcheyamani ndi wa msungichuma tifune kupitirira theka la mavoti a amene abwera, ndipo ngati palibe wafikapo, awiri apamwamba abwereze nthawi yomweyo anthu asanabalalike. Amene amasaina kubanki asamakhale munthu amene wakanidwa ndi asanu ndi mmodzi mwa khumi. Pa mamembala wamba a komiti, oposa anzawo alowe basi, tisataye tsiku. Masankho tiziyamba nawo m'mawa, malipoti pambuyo. Ndipo liwu lakuti "ambiri" lichoke m'ndime imeneyo, tilembe chimene tikutanthauza. A Tcheyamani, musamve ngati ndikuloza inu, masankho amene munalowera munalibe wopikisana naye.

Ndapempha a mlembi kuti aike nkhaniyi pa msonkhano waukulu ukubwerawu, popeza kusintha malamulo si kwa komiti yokha. Nshawa ndidzabwera nazo ndekha. Ndalama ya ulendo inatsalako pang'ono chifukwa ndinagona kwa achemwali anga ku Kapata, ndabweza kwa a msungichuma pamodzi ndi matikiti a basi.