Kalata kwa mwana wanga: madzi a m'dizilo

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Chilomoni. Ife kuno tilipo. Poti wagula Hilux ya dizilo, ndati ndikulembere za madzi olowa m'mafuta, chifukwa ndiwo amapha pampu ya mafuta ndi ma injector (tizipangizo tofayira dizilo m'injini) mwini galimoto asakudziwa.

Pampu ya galimoto yakoyo simwa oyilo. Dizilo yemweyo ndiye amatereretsa zitsulo zake. Madzi akafikamo, zitsulo zimakhulana ndi kuchita dzimbiri, tizidutswa take n'kupita ku ma injector. Kumeneko mafuta amakankhidwa ndi mphamvu yoposa 1,300 bar kudzera m'timabowo tochepa ngati tsitsi, ndiye kachitsotso kosaoneka ndi maso n'kokwanira kuwononga.

Madziwo amachokera kuti? Thanki ikagona yosadzaza usiku wozizira, makamaka nthawi ya chiperoni mu June ndi July, chinyezi chimasanduka madontho m'kati mwake. Choncho uziidzazako madzulo. Koma ambiri amabwera ndi zigubu mafuta akasowa. Ukakakamizika kugula wa m'chigubu, chisiye tsiku lonse osachigwedeza, uthire pang'onopang'ono, lita yomalizayo uisiye. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, amakhala pansi.

Fyuluta ya dizilo imagwiranso ntchito motero: madzi amatsikira pansi pake, pomwe pali kachitsekero kokhetsera. Sabata iliyonse, injini ili yozimitsa, ika botolo loonekera m'kati pansipo, masula kachitsekeroko ndi dzanja kawiri kapena katatu, upope kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpaka atuluke dizilo yekhayekha. Umange ndi dzanja basi, pulayala imathyola pulasitikiyo. Uliyang'ane botololo: ukaona zakuda zonanda, ndiye kuti tizilombo taswana m'thanki pamene madzi akumana ndi dizilo, ndipo thankiyo iyenera kutsitsidwa n'kutsukidwa. Nyale yochenjeza za fyuluta ikayaka uli pa msewu, ima ukhetse pomwepo, osati mawa.

Fyuluta uzisintha pa makilomita amene buku la galimoto likunena, kapena msanga ukaona kuti galimotoyo ikulefuka pokwera mapiri kuchokera ku Chikwawa. Pogula ku Limbe usathamangire yotchipa. Yabodza imaoneka bwino kunja, koma pepala lake siligwira tizitsotso tosaoneka ndi maso ta ma micron 5 kapena kuchepera apo, ndipo madzi amangodutsa. Pomanga, paka dizilo pa labala watsopano. Makaniko asaidzaze fyulutayo ndi dizilo wa m'chitini, chifukwa ameneyo amalowa ku pampu wosasefedwa. Apope ndi kapampu kaja mpaka kalimbe, kenaka alize injini. Ikakana, asapitirire masekondi 10 akuliza. Apopenso, muli mpweya.

Ndikupempha ndithu, injini ikulira usamasule paipi ya ku injector, dizilo wake amaboola khungu.

Upereke moni kwa mpongozi wanga ndi adzukulu.

Ndine bambo ako.