Dokotala wa asilikali azikhala nawo popanga mapulani a nkhondo

Mkonzi,

Ndine namwino wopuma, ndipo mwana wa mchimwene wanga ndi msilikali. Nkhani ya asilikali athu ikamveka pa wailesi, ine mtima umakhala pa funso limodzi: mwana wathu akawomberedwa kutchire, adzamufikira ndani, patapita mphindi zingati?

Mu Novembala 2018 tinataya asilikali 6 pafupi ndi Beni ku DRC, akulimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo anali Chancy Chitete. Ataona Corporal Ali Khamis Omary wa ku Tanzania atagwa, Chitete anamukokera pobisika zipolopolo zikulira, n'kuyamba kumuthandiza bala. Chipolopolo chinamupeza ali pa ntchito imeneyo. Omary anapulumuka, ndipo mu 2019 bungwe la UN linapereka mendulo ya Captain Mbaye Diagne kwa banja la Chitete. Anthu amayamika kulimba mtima kwake, ndipo n'zoyenera. Koma ine ngati namwino ndimaonanso china: mnyamatayu sanali dokotala, komabe ankadziwa choti achite ndi munthu amene akukha magazi.

UN ili ndi muyeso wake pa nkhaniyi. Wovulala alandire thandizo loyamba pasanathe mphindi 10, afike m'manja mwa achipatala odziwa ntchito pasanathe ola limodzi, ndipo ngati akufunika opaleshoni, ichitike pasanathe maola 2. Amene anagwirapo ku wodi ya ovulala pangozi amadziwa chifukwa chake. Mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka, nsalu imanyowa mukuyang'ana, milomo ikuyera, munthu n'kuyamba kupempha madzi. Lamba womanga mwendo kuti magazi aleke amayenera kukhala m'thumba la msilikali aliyense, ndipo manja ake akhale atazolowera kuumanga ngakhale mumdima.

Zimenezi sizingatheke ngati mkulu wa zaumoyo wa asilikali amangoitanidwa mapulani atatha kale, kuti apime anyamata ndi kuwabaya katemera. Iye azikhala pomwe akuluakulu akugamula zoti gulu lipite kuti, ndipo mawu ake akhale ndi mphamvu yonena kuti "sitinyamuka" ngati magazi, mankhwala kapena ndege yonyamula ovulala palibe. Tisaiwale kuti ku Beni nthawi imeneyo kunalinso Ebola. Mu Januwale 2025 tinatayanso asilikali 3 kufupi ndi Goma pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23.

Ndikupempha komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo kuti ikamakambirana bajeti, isamathere pa mfuti ndi magalimoto. Ifunse kuti asilikali angati aphunzitsidwa kuthandiza wovulala ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, madokotala ochita opaleshoni ali angati, komanso ndani amene amacheza ndi obwerera kunkhondo. Mwana wa mchimwene wanga uja atabwera kuchokera kunkhondo, miyezi ingapo ankadzidzimuka chitseko chikangomenyedwa, ndipo amayi ake ankangoti ndi kutopa.

Namwino wopuma,
Zomba