Q usamusunge ngati mbewu

Mnzanga,

Kalata yako ndailandira, ndipo ndaseka mpaka misozi nditamva kuti anzako a kuntchito ku Leeds amakuchapa pa Scrabble, masewera opanga mawu ndi zilembo aja, Lachisanu lililonse. Iwe amene unkatinyadira ndi Chingerezi kusukulu kuja! Koma usadandaule, vuto si Chingerezi chako. Masewerawa amafuna timawu tachilendo timene ngakhale eni chinenerocho satitchula pocheza.

Tiyambe ndi Q amene wati umamugwira mpaka masewera kutha, kudikira U, poti m'Chingerezi Q amakonda kutsatidwa ndi U. M'thumba la zilembo 100 muli ma U 4 okha, ndiye udzadikira mpaka liti? Loweza QI. Mawuwa anachokera ku China, ndipo amatanthauza mphamvu ya moyo imene iwo amati imayenda m'thupi la munthu. Q payekha ndi mapointi 10. Ukamuika pabokosi lochulukitsa chilembo katatu, n'kupanga QI mopingasa ndi motsika nthawi imodzi, umakolola 62 anzako akungoyang'ana. Palinso QAT, masamba aja amatafuna ku Yemen ndi ku Somalia kuti tulo tisabwere.

Timawu ta zilembo ziwiri ndiye chuma chenicheni. ZA ndi pizza, angoidula mutu. XU ndi kandalama ka ku Vietnam. JO ndi wokondedwa m'kayankhulidwe ka ku Scotland. ZO ndi chiweto cha kumapiri a Himalaya, chobadwa kwa yak ndi ng'ombe wamba. Ameneyu amaloledwa mumndandanda wa mawu ovomerezeka wa Collins, womwe mumagwiritsa ntchito kumeneko, koma ku America amamukana. Zikakuunjikira ma A, tulutsa AA, mwala wokhakhala umene umatsala chiphalaphala cha phiri chikauma. Mawuwo ndi a ku Hawaii. Mavawelo akasowa, ika CWM, chigwa cha m'mapiri a ku Wales. Ine ndimawakumbukira msanga ndikadziwa tanthauzo lake. Kuloweza zilembo zokha kumandituluka m'mutu tsiku lomwelo.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi ichi: KWACHA ndi TAMBALA ndi mawu ovomerezeka, pamodzi ndi NGWEE ya anansi athu a ku Zambia. Mwezi watha ndinaika TAMBALA pamasewera a pa intaneti. Zilembo zonse 7 zinatha, ndiye ndinalandira mapointi 50 apamwamba. Mnzanga wakutsidyayo analemba kuti ndabera, mawu otere kulibe. Ndinangoseka ndekha. Tambala amene kuno sagula ngakhale machesi anandipambanitsa masewera!

Ndipo usamaganize kuti masewerawa ndi a azungu okha. Mu 2015 Wellington Jighere wa ku Nigeria anatenga chikho cha dziko lonse ku Perth, munthu woyamba wa ku Africa kutero.

Lachisanu likubwerali uyese QI, undilembere mmene nkhope zawo zidzaonekere. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wakale wa ku Zomba